Chimene chinadutsa pansi pa boti

Alamu anga atapuma ntchito yoyendetsa mabasi anagula boti lakale la matanga loyendera panyanja yamchere. Mkulu wanga, mkazi wawo, anakaniratu kupondamo phazi, ndiye wowaperekeza ndinali ine.

Musitolo ya zida za maboti munali makina ambirimbiri: osonyeza pamapu pomwe muli, oyeza mphepo, mawailesi oitanira thandizo. Alamu ankangogwiragwira chilichonse.

"Yambani ndi oyeza kuya kwa madzi," anatero mayi wogulitsa. "Mphepo mumaimva pankhope, koma mwala wapansi simuuona."

"Mwamva alamu? Kumeneko kulibe zikwangwani za pamsewu," ndinawaseka.

"Kulibenso apolisi," anayankha.

Tinatenga oyeza kuyawo ndi wailesi. Kachipangizo kake kotumiza mawu m'madzi alamu anakamata kunsi kwa boti, sikirini yake n'kuimangirira pafupi ndi chiwongolero. Ntchito yanga inali kuwerenga manambala mokweza.

M'mawa umene tinapita kutali koyamba, mtunda unazimiririka kumbuyo ndipo manambala ankangokwera mpaka kupitirira mamita zana. Ndinasuzumira m'madzi akudawo. Pansi pa mapazi anga panali phompho lotha kumeza nyumba zosanjikizana za m'tauni, ife tili pamwamba pake ngati tsamba.

Mwadzidzidzi sikirini inalemba khumi ndi asanu. Kenako asanu ndi atatu. Makina anayamba kulira.

"Mwala?" ndinafunsa.

"Pamapu kuno kulibe mwala," anatero alamu, mawu atatsika. "Kapena makinawa afa."

Ndinayang'ananso m'madzi. Chimthunzi chotuwa, chachitali kuposa boti lathu, chinkadutsa pansi pathu mosafulumira. Chinatulukira chakumanzere: msana wonyezimira wodzaza zipsera, ukungotuluka osatha. Chinapuma mwamphamvu, nthunzi yofunda yonunkha nsomba n'kutigwera kumaso. Anali namgumi. Pambali pake panatuluka mwana wake, naye n'kupuma kakupuma kake kakang'ono.

Alamu, munthu wosasowa chonena, anasiya chiwongolero n'kuvula chipewa. Boti linatembenukira kumphepo, matanga akukupiza okha. Diso la mayiyo linatiyang'ana kamodzi, lalikulu, lopanda mantha. Kenako mchira unakwera m'mwamba, madzi akuchucha, n'kumira popanda phokoso.

Tinayang'anabe pamalopo mpaka madzi atasalala. Sindinkafuna kuchoka.

Alamu anapukuta kumaso, n'kukoka chingwe cha thanga pang'onopang'ono.

"Tizipita mwaulemu, alamu," ananong'ona. "Kuno ndi kwa eni."