Tepi Yotsala ya Mai Gwanda

Tsiku limenelo mvula inayamba m'mamawa, yamawawa, yopanda bingu, ndipo sinkaoneka kuti ileka. Misewu ya kwathu ku dera la 23 inali matope okhaokha. Sindinatsegule shedi yanga yokhomera zidebe. Ndinavala jekete, ndinaika kaseti yatsopano m'thumba la m'kati, n'kuyamba ulendo wa ku Biwi. Ndinkapita kukapempha mawu a mkazi wanga.

Dzina lake linali Elsie, koma anthu ankamudziwa kuti Mai Gwanda. Ndinamukwatira akugulitsa zitumbuwa pamsika wa Kawale. Masewero anayambira kutchalitchi, pa tsiku la achinyamata, kenaka m'maukwati. Luso lake linali kuyeseza anthu. Ukangolankhula naye kamodzi, mawa lake ukamva mawu ako akutuluka m'kamwa mwake, ndi kakhosomoledwe kako komwe. Tsiku lina akuyeseza alandilodi athu pampopi, panadutsa mnyamata wina dzina lake Kings, amene ankajambula masewero n'kumakapereka kuwailesi. Anaima, anamvetsera, n'kumutsatira mpaka kunyumba.

"Achikulire, mundibwereke amayiwa Lachitatu lokha," anatero.

"Afunseni eni ake," ndinayankha.

Umo ndi momwe anabadwira Mai Gwanda, mayi wolongolola wa m'sewero la Kuseri kwa Mpanda. Mai Gwanda sankaphonya maliro, ngakhale a munthu wosamudziwa. Ankalira kuposa anamfedwa, diso lili kumiphika. Akafuna kuyamba miseche ankati, "Ine za anthu sindinena, koma..." ndipo Loweruka madzulo mawu amenewo ankatuluka m'mawindo onse a mumzere mwathu nthawi imodzi.

Kanema atabwera, Kings anabwereka kamera. Anamudetsa Elsie dzino limodzi ndi inki, anamumangirira pilo kumbuyo, n'kumuveka nsapato zanga zakale. Kuyambira pamenepo sitinayendenso mwamtendere. Makondakitala ankafuula, "Mai Gwanda, maliro ali kuti lero?" Iye ankayankha ndi mawu a m'sewero, minibasi yonse n'kugwa ndi phwete. Ine ankanditcha Bambo Gwanda. Dzina langa lenileni la Sandalamu linaiwalika.

Sewero likatha, iye ankanditembenukira.

"Abambo, mwaseka lero?"

"Ndamvera."

"Kumvera ndi kuseka n'zosiyana. Dziko lonse likuseka, amuna anga nkhope ili ngati chitseko cha kundende."

Ana Mulungu sanatipatse. Nkhani imeneyo sitinkaikamba.

Chifuwa chinamuyamba nyengo yozizira ya mu 2003. Anapitabe kojambula. Ankabwerako atatopa, n'kungogona ndi nsapato. Pilo wa kumbuyo uja anayamba kuoneka wamkulu kuposa mwini wake, anthu n'kumaseka kwambiri poyesa ndi luso latsopano. Anamwalira mu Okutobala, kuchipatala, masana dzuwa likuswa mtengo.

Pamaliro panali anthu ambiri, ena ochokera ku Mgona, ena ku Chinsapo, oti sindinawaonepo. Amayi ankalira, koma wina akakweza mawu pang'ono, anzake ankayang'anana n'kubisa nkhope m'zitenje. Sindinawaimbe mlandu. Elsie anali atawaonongera kaliridwe.

Titabwera kumanda, mkulu wake Janet anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Alamu, Kings akuti masewero ojambuliratu adakalipo, azimvekabe milungu ingapo. Kwathu mawu a womwalira samveka m'nyumba mwake tisanamete kachiwiri. Mzimu umasokonezeka, umayesa udakali pakhomo. Wailesi ija mubise."

Ndinaitsekera m'sutukesi. Koma makoma a ku 23 ndi opyapyala. Loweruka lililonse kanyimbo koyambira sewero kakangomveka kwa aneba, ndinkapita kushedi, n'kutenga hamala ndi lata. Ndinkakhoma mpaka kuseka kwa anthu kutatha. Zidebe zimene ndinakhoma milungu imeneyo zina zilipobe, zopanda wogula.

Mu Febuluwale tinakameta kwawo ku Mitundu. A Janet anati, "Alamu, tsopano mwamasuka." Nditabwerera ndinatulutsa wailesi Loweruka lake. Nthawi ya sewero kunali pologalamu ya za ulimi wa fodya. Ndinadikira Loweruka linalo. Chimodzimodzi. N'chifukwa chake ndinagula kaseti ija.

Situdiyo ya Kings inali ku Biwi, kuseri kwa galaja yowotcherera zitsulo, kachipinda kamodzi kokhomedwa mateleyi a mazira m'makoma monse. Ndinamupeza akudya chinangwa chophika. Pambali pake panali Mwanamisi, mtsikana wa ku Mtandire amene m'sewero ankakhala mpongozi wa Mai Gwanda. Atandiona anaimirira n'kundipatsa mpando wake.

"Bambo Gwa... a Sandalamu!" anatero Kings akupukuta m'manja. "Mvula yonseyi? Kwagwanji?"

Ndinaika kaseti patebulo. "Munditepere masewero a malemu."

"Ati?"

"Alionse."

Anayang'ana kasetiyo, anayang'ana Mwanamisi, kenaka anakanda m'mutu.

"Mdala, bwanji simunabwere kale?"

"Tinali tisanamete."

Ndinamufotokozera mwachidule zimene ananena a Janet. Anaseka pang'ono, kuseka kwa manyazi.

"Makolo amenewo analinso ndi wailesi? Pepani, sindikunyoza. Koma onani kuno." Anandilozera shelefu. Panali matepi osakwana makumi awiri, onse omatidwa timapepala pamwamba pa timapepala tinzake. "Chuma chathu chonse ndi chimenechi. Tepi ikapita kuwailesi, ikamveka, imabwerera kuno, timajambulapo zina pamwamba. Zaka zonsezi timatero. Malemu ankadziwa. Ankachita kunena okha kuti Mai Gwanda amafa Loweruka lililonse n'kudzuka Lachitatu."

"Nanga a pakanema?"

"Chimodzimodzi. Kamera inali yobwereka, matepi ake omwe. Mwini wake amajambulira maukwati."

Anatenga tepi imodzi n'kuiika m'makina kuti ndikhulupirire. Munatuluka mawu a mwamuna akuitanira anthu sopo wochapira. Anaika ina: kwaya. Ina: bambo akuphunzitsa kuthira mankhwala m'madzi akumwa. Pakati pa mawu awo ndinkatchera khutu ngati mwina pansi pake pangamveke kanthu. Panalibe.

"Zaka zonse zija," ndinatero.

"Zili m'mitu mwa anthu, mdala. Funsani aliyense mumsewumu akuuzani."

Anandibwezera kaseti yanga. Sindinailandire. Sindinaimirirenso. Kunja ankawotcherera chitsulo, magetsi a m'chipindamo n'kumaphethira. Kings anamaliza chinangwa chake, anasuntha mawaya, anayang'ana wotchi.

"Achikulire, tili ndi ntchito. Mwanamisi akuyenera kujambula."

"Jambulani."

"Mukhala pomwepo?"

"Ndikhala."

"Eee, koma malemu ankanena zoona. Akuti inu mukakhala pansi pamafunika thirakitala."

Mwanamisi sanaseke. Anali akupotokola kansonga ka mpango wake.

"Achimwene," anatero motsitsa, "nanga ija ya m'dirowa?"

Kings anamuyang'ana ndi diso loipa. "Iwe, pakamwa pako."

"Ndiye mufuna ndijambule pamwamba pake iwo ali pompano? Ine ayi. Mupeze wina."

Kenaka Kings anakoka dirowa n'kutulutsa tepi yopanda kapepala.

"Iyi ndi ya tsiku lomaliza," anatero. "Sinapite kuwailesi, sinathe n'komwe. Lero ndimati ndiigwiritse ntchito, ena onse ndi odzaza. A Sandalamu, ndikukupemphani, isiyeni. Si Mai Gwanda amene mukuwadziwa. Komanso eni ake anandiuza chochita nayo, ine ndi amene ndakhala ndikuzengereza."

"Ikani."

"Mudzandida."

"Ikani."

Anaiika. Poyamba kunali phokoso la mipando, kenaka mawu a Kings akuwerenga, kenaka Mwanamisi akuti, "Apongozi, mwachokera kuti ndi mbale m'chikwama?" Ndiyeno iye.

"Ine za anthu sindinena, koma nyama ya pamaliro a kwa Chimbalanga, mwana wanga, ng'ombe imeneyo inafa ndi ukalamba! Ndatafuna kuyambira nyimbo yoyamba mpaka m'busa kunena ameni..."

Mawuwo anali a Mai Gwanda, koma ong'ambika, ngati chidebe chobooka. Pakati pa chiganizo mpweya unkamuthera. Anayambiranso. Anafika pa ng'ombe paja, chifuwa chinamugwira. Anakhosomola nthawi yaitali. Kunamveka wina akuthira madzi m'kapu. Anayambiranso kachitatu, ndipo ulendo uno sanafike n'komwe pa nyama.

Mwanamisi anatuluka panja, pamvula.

Kenaka m'tepimo munakhala bata, ndipo Elsie analankhula. Sanali Mai Gwanda. Anali mawu a kunyumba, otsika, osafulumira, amene ankandifunsa nawo ngati ndatseka chitseko, amene anthu a mumsewu sanawamvepo.

"Kings, imitsa kaye mwana wanga. Lero zakanika. Iyi ufufute, wamva? Anthu asadzandimve chonchi, angaleke kuseka. Ndipume pang'ono. Abambo akunyumba abwera kudzanditenga, anena kuti ndisakwere minibasi ndekha. Uwaone pawindopo, akafika salowa, amangoima panja ngati mlonda."

Anaseka pang'ono. Makina anati khwa. Kutsogolo kwake kunali mphepo yokhayokha.

Ndinakumbuka tsikulo. Ndinaimadi panja, pafupi ndi galaja.

Kings anazimitsa makina. Maso ake anali ofiira.

"Mwamva nokha," anatero. "Anati ndifufute. Mawu a munthu wopita saphwanyidwa, mdala. Inu mwasunga mwambo miyezi yonseyi, mukudziwa kuposa ine."

"Bwezani."

"Mumvenso?"

"Pamene akuti imitsa."

Anabweza. Ndinamveranso. Nditamva kachitatu ndinakankhira kaseti yanga kwa iye.

"Za Mai Gwandazo fufutani, monga ananenera. Anthu asamve. Munditepere apa pokha."

"Apa? Pamene akunena kuti tifufute?"

"Pomwepo."

"Sipakwana ndi mphindi imodzi yomwe. Mulibe nthabwala, mulibe chilichonse. Ndipo akadzuka lero andifunse, ndidzati chiyani?"

"Mudzati ndinakana kuchoka."

Anapukusa mutu, koma anang'amba pulasitiki ya kasetiyo. Analumikiza makina awiri, n'kutepa. Anandimveretsa kuti nditsimikize kuti zalowa. Kenaka anabweza tepi ya m'dirowa ija mpaka poyambira, anaika chala pa batani lofiira, n'kundiyang'ana. Ndinagwedeza mutu. Anadina.

Anaitana Mwanamisi. Analowa atanyowa mapewa, anaima pa maikolofoni, anapukuta m'maso ndi mpango, n'kuyamba kuwerenga uthenga wokumbutsa amayi kupita ndi ana kusikelo. Mawu ake ankanjenjemera, Kings anamuuza kuti ayambirenso. Ndinakhala mpaka ndinaona kuti tepi yadutsa pamene panali Elsie.

Ndinawatsanzika. Ndinakulunga kasetiyo m'jumbo, ndinaiika m'thumba la m'kati, n'kuyenda wapansi kubwerera ku 23. Pagolosale ya pafupi ndi kwathu ndinagula mabatire, ndinalowa m'nyumba, n'kutseka chitseko.