Malipenga m'Chitokosi

"Mwabwera kudzadandaula kapena kudzadzipereka, amayi?" anafunsa Sajeni osadzutsa mutu, akupopa njinga yake kuseri kwa polisi.

"Ndabwera kudzazonda akaidi," anatero Telala. "Malipenga aja munawatsekera."

Mayiyu ankasoka zovala pakhonde la sitolo moyang'anana ndi polisi. Kale, Loweruka lililonse masana, Sajeni ankaphunzitsa ana a m'deralo kuimba malipenga, ndipo woyamba kudandaula ankakhala Telala yemweyu. Ankati phokosolo limamukhotetsa msoko. Kenako boma linasiya kupereka ndalama za gululo. Ana anabalalika, malipenga nkulowa m'chipinda chosungiramo katundu wolandidwa kwa akuba. Loweruka linangoti zii, koma msoko unkakhotabe.

Sajeni anatsegula chipindacho. Malipenga anali ataunjikidwa pakati pa njinga zakuba ndi wailesi yosowa mwini.

"Si inu munkati tikukuphani makutu?"

"Makutu anachira, bwana. Akudwala ndi mwana."

Mwana wamkazi wa Telala anthu ankamutchula Kabakha. Sajeni sankalola ana kubwerekana kachitsulo kapakamwa pa lipenga, ankati malovu sagawana, choncho aliyense ankapita ndi kake kunyumba. Mtsikanayu ankakaliza paliponse, posamba ngakhale poanika zovala, ndipo kankalira ngati bakha.

"Kachitsulo kaja ndakapeza m'chitini cha mabatani," anatero Telala. "Masiku ano akaweruka kusukulu amathera pasiteji. Pali kondakitala wina wa dzino lagolide amene amamusungira mpando wakutsogolo."

"Ndikamugwire?"

"Pa mlandu wanji? Womwetulira? Ingondibwerekani lipenga limodzi."

"Katundu wa boma satuluka pageti, amayi. Akatuluka, wolowa ndine."

Sajeni anatola lipenga limodzi nkudina mabatani ake. Lina linakanirira pansi. Analisisita ndi chala. Chitsekereni malipengawo, Loweruka ankaima pamsewu dzuwa likumuwotcha, kuona ziphaso za madalaivala, ndipo panalibe dalaivala amene anamuwomberapo m'manja.

"Komatu," anatero pang'onopang'ono, "katundu wa boma saloledwa kuchita dzimbiri. Lipenga limafuna mafuta ndi mpweya, ndiye ine chifuwa chinapita ndi fodya. Muuzeni Kabakha abwere Loweruka adzapukute. Ndati kupukuta, mwamva? Likamalira popukutapo, ine makutu anga ndi okalamba."

Kunyumba Telala sanalalikire. Anangoika kachitsulo kaja pamwamba pa yunifolomu yosita.

"Sajeni akuti malipenga akuwonongeka, wodziwa kuwasamala akusowa."

Mtsikanayo anapinda milomo. "Alembe ganyu."

Loweruka masana Kabakha anadzola mafuta, nkutuluka osatsanzika. Telala anakhala pamakina ake, maso pansalu, mtima uli pamsewu. Minibasi ya kondakitala uja inaima pasiteji nkuliza hutala. Inalizanso, motalika. Mayiyo anaopa kudzutsa mutu.

Ndiye kuseri kwa polisi kunamveka kulira kwina, kosasa ngati mbuzi ya chifuwa. Kunadukira panjira, kunayambiranso, kenako kunawongoka nkukwera.

Telala anachotsa phazi pamakina.

"Amayi, nanga thalauza langa?" anatero bambo amene ankadikira pabenchi. "Ndili ndi ulendo ine."

"Tadekhani, achimwene," anatero Telala, atatsinzina. "Mukusokosa."