Penshoni ya "Eni Nthaka" ku Mongue

Bambo Euclides a ku Mongue, ku Mozambique, anasiya kulima chaka chatha maso atayamba kuchita nkhungu. Ankawasamalira ndi mwana wawo Delfina, wogulitsa nandolo pamsika. Iye ankafuna kukawalembetsa kuti azilandira thandizo la boma la okalamba.

Sabata ina pamsika panafika anthu ndi pepala. Ankati chigawo chikhale ndi penshoni yakeyake, ya "eni nthaka" okha. Augusto, mnansi wawo wolankhula Chilomwe, anadindapo chala.

"Achemwali, musadzivute," anatero Augusto. "Akuti aliyense amene anakhalapo kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, ku Malawi, sadzalandira. Komanso kwanu mumalankhula Chinyanja. Adzati ndinu Amalawi."

Bambo Euclides anathawiradi ku Mulanje nthawi ya nkhondo. Atamva zimenezi anangoti, "Zisiye, mwana wanga. Sindifuna kukachita manyazi pagulu."

Delfina sanazisiye. Lachiwiri anawakweza panjinga mpaka ku posito, ofesi ya boma ya m'deralo, kwa Dona Armanda, oona za chisamaliro cha anthu. Anafotokoza zonse.

"Pepala limenelo ndi maganizo a anthu ena, si lamulo," anayankha Dona Armanda. "Munthu ali ndi ufulu wopereka maganizo, koma maganizo sachotsa unzika wa wina. Bilyete, chiphaso cha unzika chija, ali nayo?"

Delfina anapereka chiphasocho.

"Apa palembedwa kuti ndi nzika ya Mozambique. Chilankhulo sichinalembedwe. Ife timaona zaka zawo ndi mmene zinthu zilili pakhomo."

"Nanga zoti ndinathawira ku Malawi?" anafunsa Bambo Euclides motsitsa mawu.

"Bambo, ine ndemwe ndinabadwira kumsasa wa othawa nkhondo. Kuthawa zipolopolo si kutaya dziko."

Analemba dzina lawo, nalonjeza kudzaona pakhomo.

Pobwerera anapeza Augusto akukonza tcheni cha njinga. Delfina anamuuza zimene anamva, kenako anafunsa, "Achimwene, mayi anu aja anabadwira kuti?"

"Ku Nampula. Anabwera kuno ali mtsikana."

"Ndiye papepala lija, iwo ndi eni nthaka?"

Augusto anapukuta manja pabuluku. Zimenezi anali asanaziganizire. M'mawa mwake anatenga mayi ake, Mayi Berta, kupita nawo ku posito. Anafunafunanso anthu a pepala aja, nawauza kuti afufute dzina lake.

Patapita miyezi ingapo, mayina onse awiri anatuluka. Tsiku lolandira, Bambo Euclides ndi Mayi Berta anakhala pabenchi limodzi, wina akulankhula Chinyanja, wina akuyankha m'Chilomwe, ndipo ankamvana bwinobwino.

Tikamva nkhani ya penshoni kapena thandizo lililonse, tikafunse ku ofesi kuti tidziwe ngati ndi lamulo kapena maganizo chabe. Tisadinde chala papepala tisanamvetse kuti likupatula ndani. Wachinyanja, Mlomwe, wochokera chigawo china, tonse ndife nzika za dziko limodzi, ndipo okalamba athu ufulu wawo ndi wofanana.