Batani Losowa pa Foni ya Bambo Misheck

Lamulungu limenelo Bambo Misheck a ku Biwi atabwera kutchalitchi, anakhala pakhonde foni ili m'manja, monga mwa chizolowezi. Koma batani lija panalibe.

Akazi awo, Sungeni, anamwalira chaka chatha. Ndiwo ankatsogolera nyimbo m'kwaya ya amayi, ndipo nyimbozo anazisunga pa tsamba lina la pa intaneti. Bamboyo ankangodina batani limodzi, lolowera kudzera pa akaunti ya tsamba la mchezo, basi Sungeni n'kuyamba kuimba. Tsopano tsambalo linkafuna pasiwedi, chinthu chimene iwo sanachidziwepo n'kale lonse. Mwamuna wowotcherera zitsulo, wosaopa moto, misozi inalengeza.

Mayi Aminah, aneba awo okonza mafoni, anawaona ali zyoli.

"Kwagwanji, aneba?"

"Anzanu aja andichokera kachiwiri," anatero a Misheck, akuwapatsa foniyo. "Mawu okhawo ndi amene ananditsalira."

Mayi Aminah anayang'ana pafoni, n'kupukusa mutu. "Si inu nokha. Masamba ena akusiya njira imeneyi. Batani lija linali kiyi wobwereka. Eni ake akasintha loko, inu mumatsala panja."

Anadina pamene amadina oiwala pasiwedi. Tsambalo linayankha kuti latumiza manambala otsegulira ku nambala ya mwini akaunti.

"Ndi nambala ya malemu," anatero Mayi Aminah motsitsa mawu. "Simu ikakhalitsa osagwira ntchito amaitseka, n'kupatsa wina. Ngati inapita, pamenepo ndiye pavuta."

A Misheck ananyamuka. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kafoni kakale ka malemuwo, komanga ndi mphira.

"Ana amandiseka," anatero mwamanyazi. "Ndimaikamo timayunitsi mwezi ndi mwezi. Ndikawasowa kwambiri ndimadziimbira ndi kafonika, kuti ndingoona dzina lawo likuwala pa foni yanga."

Uthenga unali utafika kale m'kafonimo. Mayi Aminah anawathandiza kupanga pasiwedi yawoyawo, kuikapo imelo ndi nambala yawo, kenako anakopera nyimbo zonse pa memole khadi.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, aneba. Khadi ili mulisunge bwino, ndipo ana muwakopererenso."

Kenako anadina nyimbo yoyamba. Mawu a Sungeni anadzaza khonde lonse, okwera ndi osalala ngati kale. A Misheck anatsinzina, n'kuyamba kuyankhira chapansipansi ndi besi yawo yosasa ija, imene malemuwo ankaiseka masiku onse.

Abale, musadalire batani limodzi polowa pa masamba onse. Akaunti iliyonse yofunika ikhale ndi pasiwedi yakeyake, imelo imene mumatsegula, ndi nambala yogwira ntchito. Zithunzi ndi mawu a okondedwa anu, koperani lero lomwe n'kusunga panokha. A Misheck chinawapulumutsa ndi chikondi, koma si simu iliyonse imene imadikira.