Ndulu Yanga Ikadalipo

Tsiku lobadwa la Harmen, mwana wanga wamwamuna, linagwera Loweruka, ndiye abale anabwera onse. Mipando anali ataizunguliza kale m'chipinda chochezera monga mwa nthawi zonse. Ndinagwira chanza aliyense, n'kukhala pansi ndi khofi wanga, mbale ya keke pamwendo. Pabwalo lotere ukakhala wakhala. Palibe zonong'onezana, mmodzi akalankhula onse amamva.

Ine ndinabwera ndi nkhani yanga. Fenna, mwana wa Harmen, wakwanitsa zaka khumi, ndipo Lachitatu lotsatira ana a msinkhu wake ankakabayitsa katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, kuholo yamasewera. Fenna sankapita nawo. Bambo ake anali atakana. Ndinali nditayesa kulankhula naye Harmen patokha kukhitchini kwanga, iye n'kumangoyang'ana wotchi.

Amene anaiputa nkhaniyo ndi Evert, mkulu wake wa malemu amuna anga a Lubbert. Evert ndi mkulu wa mpingo, ndipo amalankhula ngati ali paguwa ngakhale akupempha shuga.

"Ndamva aboma abweranso ndi jakisoni wawo," anatero. "Wa atsikana oyendayenda uja."

"Tsopano akubaya ndi anyamata omwe," anatero Jantine, mkazi wa Harmen, motsitsa mawu, uku akuthira khofi.

"Eya, awawonongere pamodzi!"

"Wanga sapita," anatero Harmen. "Mwana wamng'ono ngati uyu ndimuuze chiyani? Kuti takubaya, kazichita zimene ukufuna? Ndiponso matenda amenewo kuno kulibe. Abusa amatchula odwala Lamulungu lililonse, uyu wa mtima, uyu wa mapapo, uyu wathyoka chiuno. Ine ndakulira m'tchalitchi muja. Ndani anamvapo akupempherera wa khomo la chiberekero?"

Mitu inagwedezeka kuzungulira bwalo lonse. Ndinaika kapu yanga pansi.

"Fenna, kaone ngati nkhuku zili ndi madzi."

Mwana atatuluka ndinatembenukira bambo ake. "Harmen, ukukumbukira chaka chija unkakadya kwa a Klaasje awa, ine ndili m'chipatala?" Klaasje ndi mkazi wa Evert.

"Nthawi ya ndulu ija."

"Ndulu yanga ikadalipo, mwanawe, ili bwinobwino. Chimene anachotsa ndi chiberekero. Inali khansa ya khomo la chiberekero. Bambo ako ndi bambo ako aakulu awa anakhala pansi n'kugwirizana zokawauza abusa. Mpingo wonse unapempherera ndulu yanga dzinja lonse. Mwayi wake Mulungu ankadziwa yekha pofunika kukonza."

Mwana wa mlongo wanga anaseka, n'kuzisandutsa chifuwa.

"Geesje," anatero Evert, "pano si malo ake."

"Malo ake ndi ati, alamu? Ndadikira malo akewo mpaka mutu wayera."

"Anthu akudya keke," anatero Klaasje.

"Idyani, sindinakulandeni."

Harmen anali atafiira mpaka m'makutu. "Amayi, mukufuna kunena kuti bambo..."

"Ndikunena kuti ine mwamuna ndinadziwa mmodzi yekha, koma ndinadwala. Bambo ako anandikwatira atakula kale, atayenda panyanja zaka zambiri. Sindinawafunse ali moyo, sindiwafunsa lero ali m'manda. Anali munthu wabwino. Patapita zaka adokotala anandiuza kuti kachilombo ka HPV koyambitsa khansa imeneyi anthu ambiri amakatenga nthawi ina pamoyo wawo osadziwa n'komwe. Mwa ambiri kamatha kokha. Mwa ena kamakhala duu zaka ndi zaka, kenako n'kuyamba kumudya munthu. Sikafunsa kuti umakhala benchi iti m'tchalitchi. Fenna akhoza kudzisunga monga ndinachitira ine, n'kukwatiwa ndi mnyamata wa suti yakuda ngati wanga uja, n'kukagona pabedi lomwe ndinagona lija. Katemerayu amabaya ana akadali ang'ono kuti awateteze kachilomboko asanakumane nako. Basi. Palibe zina."

Evert anawongola msana. "Matenda ndi thanzi, zonse zimachokera m'dzanja la Ambuye. Ife sitithamangira kutsogolo kwake."

"Nanga mapiritsi a kuthamanga kwa magazi mumameza m'mawa uliwonse aja? Mtima sunakugwetseni, koma mumameza. Kapena inu nokha ndinu ololedwa kuthamanga?"

Anaimirira. Anati mng'ono wake wanyozedwa m'nyumba ya mwana wake yemwe, ndipo iye sangakhale. Koma kutuluka pabwalo lotere si kophweka. Anayenera kudumpha miyendo ya anthu, azimayi akunyamula mbale zawo kuti adutse, mpaka anafika pachitseko ulemu utathothoka wonse.

"Klaasje, tiye."

Klaasje sanadzuke. Mayi ameneyu zaka zonsezi sindinamuonepo akutsalira mwamuna wake ataitana. Ankangoyang'ana keke yake.

"Hilligje wa kophika buledi uja," anatero, "amene tinamupempherera matumbo."

"Klaasje!"

"Ndinkamusambitsa ndine masiku ake otsiriza. Sanali matumbo. Anasiya ana atatu."

Hilligje tonse tinakamuika, tonse tinaimba. Evert anatuluka yekha, ndipo tinamumva akulimbana ndi loko wa njinga yake panja.

Jantine anaika botolo la khofi patebulo. Mpongozi wanga ndi munthu wofatsa, wa mawu ochepa, moti nthawi zina amanditopetsa. Tsiku limeneli sanayang'ane ine, anayang'ana mwamuna wake.

"Lachitatu Fenna ndimutenga."

"Ine sindinavomere, Jantine."

"Ndamva. Ukafuna udzaime pachitseko, udzamuuze wekha chifukwa chake. Udzamuuzenso za agogo ake, zoona zake. Ine za ndulu sindinena."

Harmen anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi, kufuna womuthandiza, koma aliyense anali atapeza chochita ndi foloko yake. Fenna analowa kudzanena kuti nkhuku zili ndi madzi ambirimbiri, n'kufunsa chifukwa chake tonse tangoti zii. Ndinamuuza kuti andidulire keke ina.

Lamulungu kutchalitchi anthu ena sanandipatse moni. Ena anandipatsa moni wautali kuposa kale, makamaka azimayi, kundigwira dzanja osafuna kulisiya. Onsewo ndinalibe nawo nthawi.

Lachitatu kunagwa mvula. Ndinavala chovala chamvula, n'kupalasa njinga mpaka kuholo kuja. Sindinauze munthu. Ndinaima pansi pa denga la poimika njinga n'kumaona magalimoto akutsitsa ana. A mpingo wathu anali ochepa, ndipo amene analipo ankayenda choweramitsa mutu ngati akukaba. Ndinadikira mpaka mapazi anazizira. Ndinayamba kuganiza kuti Harmen waimadi pachitseko, ndipo ndinali nditakonza kale mawu okamuuza kuntchito kwake, pamaso pa anzake.

Kenako ndinaona njinga ziwiri zikukhota pakona, yaikulu ndi yaing'ono.

"Sanaime?" ndinafunsa Jantine.

"Anapita kuntchito m'mamawa, osadya kanthu."

"Njala siipha tsiku limodzi. Lowani, mwanyowa."

Sanakhalitse. Fenna anatuluka akupukusa mkono, kapulasitala paphewa.

"Agogo, kajakisoni kake kamangoluma ngati udzudzu! Mnyamata wina wamkulu analira."

Jantine anati namwino wanena kuti Fenna adzabwerenso pakatha theka la chaka kudzabayitsa wachiwiri. Ndinati ndidzabwera. Harmen mpaka pano sakundilankhula, akandiona pamsewu amangokweza dzanja. Akwiye mmene angathere. Ine tsiku la wachiwiriyo ndalisunga m'mutu, ndipo njinga yanga ilibe vuto.