Kadontho Kofiira pa Mkombero

A Magalasi sankadziwa kusambira. Izi tineneretu poyamba, pakuti alamu awo ankazinena paliponse ngakhale asanafunsidwe. Munthu amene anathera zaka zake zonse za ntchito m'kachipinda kouma, akuyeza maso a anthu ndi kuwafunsa ngati mzere wam'munsi akuuona, atapuma pantchito anagwa m'chikondi ndi mawotchi akale a anthu obira m'madzi. Mawotchi ena analibe nawo ntchito. Ankafuna okhawo olemera, a galasi lochindikala, okhala ndi mkombero wa manambala umene wobira amauzungulitsa asanamire kuti adziwe nthawi yovuukira.

Ankawasunga m'bokosi la thabwa logawidwa tizipinda, kalikonse ndi kapilo kake. M'mawa, tiyi asanafike patebulo, ankawanyamula imodzi imodzi, kuipukusa, kuiika kukhutu, n'kuigonekanso. Madzi okha ndiwo sankaloledwa kuyandikira. Mayi a m'nyumba akamakolopa, ankachita kulambalala kabati yosungiramo bokosilo ngati muli njoka.

Tizipinda tonse tinali todzaza kupatula kamodzi ka pakati penipeni. Kameneko anakasungira wotchi yoti anzawo akadzaiona adzasowe chonena. Anzawowo anali kagulu ka okonda mawotchi akale kamene kankakumana Loweruka kuseri kwa shopu ya Wokonza Mawotchi. Aliyense m'kagulumo anali ndi chake chonyadira, ndipo a Magalasi anali atatopa ndi kukhala woyamikira za ena. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankadziuza motero, koma kachipindako kankawayang'ana m'mawa uliwonse ngati dzino loguluka.

Alamu awo, achimwene a mayi a m'nyumba, ndiwo anali wobira weniweni. Pa unyamata wawo ankalowa pansi pa sitima padoko kukapala dzimbiri ndi kuwotcherera zitsulo, ndipo anzawo anawatcha Katumbu, dzina limene linameza dzina lawo lenileni. Tsopano anali nkhalamba ya mawondo olira, yosavala wotchi iliyonse, koma pakamwa panali pasanakalambe.

"Kaputeni wa m'beseni!" ankatero polowa pakhomo. "Nsomba zanu zija zikadali m'bokosi? Mwazipatsako madzi lero?"

"Alamu, khalani pansi, mawondo angakuthaweni," ankayankha a Magalasi, mumtima akukondwa, chifukwa nyumba yopanda wokunyoza imazizira.

Wotchi yoyenera kachipinda kaja inapezeka pamsika, pa tebulo la wogulitsa zinthu zakale, itagona pakati pa makiyi opanda maloko, masupuni osiyana mabanja ndi mawaya a mafoni amene anafa kalekale. Inalibe lamba. A Magalasi ataiona, anaima pomwepo. Anayesa kufunsa za masupuni kuti wogulitsayo asadziwe, koma dzanja linawapereka, pakuti linali litaifumbata kale.

Kunyumba sanapite nayo. Analunjika kwa Wokonza Mawotchi, munthu wosalankhulalankhula, amene kagalasi kokuzira zinthu kanali katamusiyira mzere wozungulira diso. Awiriwo anaiweramira pansi pa nyale. Mivi yake inali yotambalala ngati timalupanga. Utoto umene kale unkawala mumdima unali utasanduka mtundu wa tiyi wamkaka, pa mivi ndi pa nkhope ya wotchi mofanana, chimene chinasonyeza kuti palibe chimene chinasinthidwapo. Mkombero, umene unabadwa wakuda, unali utayezuka ngati phulusa. Atatsegula kumbuyo, makina a m'kati anagwirizana ndi zaka zake. Mtundu wake unali wodziwika, wabwino koma wosasowa.

Chachilendo chinali chimodzi. Pa mkombero, pakati pa manambala awiri, posakhala pa mzere uliwonse, panali kadontho kofiira, kozungulira bwino, kotukuka pang'ono, kolimba ngati mkanda.

"Ndikapale kameneka?" anafunsa Wokonza Mawotchi, atanyamula kale kampeni. "Ndiipukutenso yonse iwale."

"Musayerekeze!" anakuwa a Magalasi, mpaka munthu wodutsa panja anasuzumira. Pakuti lamulo loyamba la okonda mawotchi akale ndi lakuti zipsera sizichotsedwa. Makwinya a wotchi ndiwo mbiri yake. "Muithire mafuta basi, muike lamba."

"Ndi timaraba totchinga madzi. Wotchi yobirira yopanda raba ndi bwato lobooka."

"Ikani ngati mufuna, koma madzi siidzawaonanso."

Sabata imeneyo a Magalasi anaitha ali m'mabuku. Anavundukula onse amene anali nawo, a zithunzi ndi opanda zithunzi, anafunsa mwamachenjera anzawo akutali pafoni, koma kadontho kofiira sikanapezeke paliponse. Munthu wina akanakayika. Iwo anakondwa, chifukwa kwa wosonkhanitsa zinthu, chimene sichili m'buku ndicho chuma. Pang'ono ndi pang'ono nkhani inamangika m'mutu mwawo: fakitale iyenera kuti inapanga mawotchi ochepa chabe otere, mwakachetechete, kupangira kagulu kapadera ka asilikali a m'madzi, ndipo kadonthoko kanali chizindikiro cha nthawi yawo yachinsinsi. Pofika Lachinayi, asilikaliwo anali atawapatsa ndi yunifolomu yomwe.

Wokonza Mawotchi atamva, anangokweza mapewa. "Ine ndimadziwa zam'kati, bambo. Zakunja n'zanu."

Lachisanu masana wotchi inabwera kunyumba ili m'kansalu, ikugunda bwino lomwe. A Magalasi anaganiza zoyeserera mawu amene akanene mawa lake ku kagulu, ndipo omvera amene analipo anali mayi a m'nyumba, amene ankasita zovala m'chipinda chochezera.

"Mayi, imitsani kaye ayironi. Mukhale oyamba kuona chimene tauni ino siinaonepo."

"Ina? Bambo, manja muli nawo awiri okha."

"Iyi si ina. Iyi ndi ya kachipinda ka pakati."

Apo mayiwo anaimika ayironi, chifukwa ankadziwa kulemera kwa mawuwo. A Magalasi anakonza pakhosi, anafotokoza za mivi, za utoto, za mkombero, ndipo atafika pa asilikali anatsitsa mawu ngati makoma ali ndi makutu. Kenako anatambasula kansalu.

Mayiwo anavala magalasi amene amuna awo omwewo anawayeza, anaitengera wotchiyo kuwindo, n'kuiyang'anitsitsa. Anagwira kadonthoko ndi chikhadabo. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. A Magalasi anayesa kuti akulira chifukwa cha kukongola kwa chinthucho, ndipo anatsala pang'ono kuwasisita pamsana, pamene phwete linaphulika. Anaseka mpaka kukhala pa mulu wa zovala zosita kale.

"Asilikali!" anatero akupukuta misozi. "Bambo a ana anga, msilikali wake ndine!"

"Mukuti chiyani?"

"Iyi ndi kyutekisi. Penti wa zikhadabo. Wanga! Botolo langa loyamba, limene ndinkabisa m'nsapato kuopa amayi. Wotchi iyi ndi ya achimwene."

A Magalasi anawalanda wotchiyo. "Sizingatheke. Alamu alibe wotchi."

"Alibe chifukwa inapita m'thumba la jekete limene malemu akazi awo anapatsa munthu wopempha, achimwene atangosiya ntchito. Anaifuna mpaka kutopa, kenako analumbira kuti sadzavalanso ina. Inu nthawi imeneyo mawotchi munkawaona ngati? Munkangoona maso a anthu." Analoza kukhoma. "Tapitani apo ndi kagalasi kanuko."

Pakhomapo panali chithunzi cha ukwati wawo, chimene a Magalasi ankachidutsa tsiku ndi tsiku. Anachitsitsa, anaika kagalasi kudiso. Kumanja kwa mkwatibwi kunali mnyamata wa mapewa otambalala, suti ikumuthina, ndipo pa mkono umene anaika paphewa la mlongo wake panali wotchi ya mivi ngati timalupanga. Chithunzicho chinali chopanda mitundu, koma pa mkombero, pamalo pomwepo, panali kadontho.

"Tsiku limenelo ndinkayang'ana kwina," anatero a Magalasi motsitsa.

"Apo mwayankha bwino. Koma safunsa anadya phula. Sabata yathunthu mukufunsa anthu akutali, ine ndili pano ndikukupatsani tiyi."

A Magalasi anakhala pansi wotchi ili m'manja. Asilikali aja anavula yunifolomu n'kubalalika mmodzimmodzi. Komabe wotchiyo inali yokongola monga poyamba, ndipo m'mutu mwawo munabwera kamawu kaulesi, kakuti: ndani akudziwa? Alamu anaiiwala kale. Iikeni pa kapilo kake, mawa mukanene kuti ndi ya wobira weniweni, ndipo kachipinda kadzadza. Anatsegula bokosi, anaigoneka pakati paja. Inakwana ngati anachita kuyeza. Mayi a m'nyumba anangobwerera ku ayironi, akuimba chapansipansi.

A Magalasi anaiyang'ana wotchiyo nthawi ndithu. Mawotchi ena onse m'bokosimo eni ake anali osadziwika, ndipo a Magalasi ankakonda kuwaganizira: anali ndani, anabira kuti, kunyumba ankawadikira ndani. Iyi yokha inali ndi mwini wake wodziwika, wamoyo, wokhala misewu ingapo kuchokera apo, wa mkono wopanda kanthu.

"Mayi, tawaimbirani achimwene anu. Muwauze kuti nsomba ina yadwala, abwere adzaione."

A Katumbu anafika dzuwa likupendeka, ndodo patsogolo, mawu patsogolo pa ndodo. "Kaputeni wa m'beseni! Ndamva kuti kwagwa zovuta. Yamira iti?"

Anawakhazika pakhonde la kuseri, pafupi ndi mgolo wa madzi othirira maluwa. A Magalasi sananene za asilikali. Anangoika kansalu pa bondo la alamu awo.

A Katumbu anatambasula kansaluko. Anaitembenuza wotchiyo, chala chachikulu chinapita chokha pa mkombero n'kuuzungulitsa, khethe khethe khethe, ngati dzulo lomweli. Anaiika kukhutu.

"Unapita kuti iwe, wakuba?" anaifunsa wotchiyo. Kenako anayang'ana mlongo wawo. "Kadontho kako kakadalipo."

Mayiwo anati, "Kanatsala pang'ono kupalidwa. Alamu anuwa ndiwo anakaleretsa."

"Koma n'chifukwa chiyani kali pakati pa manambala?" anafunsa a Magalasi, chifukwa wosonkhanitsa zinthu, ngakhale ataluza, amafunabe kudziwa.

A Katumbu anaseka. "Mfunseni mwini wake. Tsiku loyamba kupita kuntchito ameneyu analira ngati ndikupita ku nkhondo. Ndinamuonetsa nambala, ndinati muvi ukafika apa ndimavuuka. Iye akuti m'madzi muli mdima, muiwala, ndiikepo chizindikiro. Ndikutembenuka, waika kadonthoko nambalayo isanakwane."

"Dzanja linaterereka," anatero mayiwo.

"Linaterereka! Mwana wabodza iwe. Unafuna ndizituluka msanga."

"Ndiye munkatuluka?"

"Ndikanatani? Ndikaona kofiirako ndimaona nkhope yako yotupa ndi kulira. Moyo wanga wonse ndinkavuuka anzanga asanavuuke. Ankati Katumbu ali ndi chibwenzi kumtunda. Ndikanawauza bwanji kuti ndi kamlongo kanga ka mamina?"

"Ndiye muli moyo mpaka lero, mukudya zanga."

Anaseka onse atatu. A Magalasi anagwada, mawondo awonso akudandaula, n'kuwamanga lamba alamu awo pamkono. Unali utachepa mkonowo, mpaka anafika pa bowo lomaliza.

"Alamu," anatero a Katumbu, mawu atafewa, "kachipinda kanu kaja nanga?"

"Kazolowera mphepo."

"Mwachita chinthu chachikulu." Kenako diso lawo linagwa pa mgolo uja, ndipo nkhope inawala ngati ya mwana amene waona chithaphwi. "Timaraba munasintha?"

"Anasintha, koma alamu, wotchi ya zaka zimenezi sii..."

Mkono unali utalowa kale mpaka m'chigongono. A Magalasi anatseka maso, manja kumutu. Anamva madzi akukhavuka, anamva akazi awo akuseka, anamva alamu awo akulankhula ndi wotchiyo ngati akusambitsa mwana. Atatsegula diso limodzi, mkono unali kutuluka, madzi akuyenderera, galasi lili mbee, muvi wa masekondi ukuyenda mosatekeseka, ndipo mkombero wa phulusa uja, utanyowa, unali utaderanso ngati wabwerera ku unyamata. Kadontho kanali psuu.

Zaka zonsezo akuwerenga za mawotchi amenewa, a Magalasi anali asanaonepo imodzi itanyowa. Anaweramira pafupi osathanso kubisa chimwemwe.

"Tabwerezani," anatero.

Mawa lake ku kagulu anapita awiri. A Magalasi ananyamula bokosi lawo, kachipinda ka pakati kali kopanda kanthu, ndipo atafunsidwa za wotchi imene ankainong'ona sabata yonse, analoza kukhomo kumene a Katumbu ankalowa ndi ndodo yawo, malaya atapinda mpaka m'chigongono.

"Iyi," anatero, "ndabwera nayo ndi mwini wake yemwe. Kapilo sikanamukwane."

Anzawo aja, amene aliyense anali ndi chake chonyadira, anazungulira mkonowo ndi timagalasi tawo. Woyamba kulankhula anali Wokonza Mawotchi, amene anafunsa ndi nkhope yosaseka kuti asilikali aja ali kuti.

"Msilikali watsala kunyumba," anayankha a Katumbu, amene mlongo wawo anali atawaululira zonse. "Akusita."