Dengu Lopepuka la a Sizasi

Linali sabata lachitatu utsi wakuda ukufuka kuseri kwa nyumba ya a Sizasi madzulo aliwonse. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a ku fakitale yosoka mayunifolomu, kumene anakhala akudula nsalu kwa zaka makumi awiri. Akaweruka ankafika ndi chikwama chotupa, n'kupitirira kuseri, kukhuthulira zidutswa za nsalu m'dzenje, kenako n'kuyatsa machesi.

"Bambo, chifuwa chandigwira chifukwa cha utsi wanuwu," anatero akazi awo akuanula zovala pachingwe. "Tanunkhizani malaya awa. Ndachapa ndi sopo, koma akununkha ngati tayala lopsa. Amuna anzanu amabwera ndi buledi, inu mumabwera ndi zinyalala."

"Mayi, piriraniko pang'ono. Ndikuteteza ntchito imene timadyera."

A Sizasi sankanama. Ku ofesi yoona za ogwira ntchito kunabwera mayi watsopano amene anayambitsa ndondomeko yosamalira chilengedwe. Makina ankazimitsidwa pa nthawi ya nkhomaliro. Tchuthi ankapempha pafoni, osati papepala. Tebulo lililonse linapatsidwa dengu la zidutswa, ndipo Lachisanu lililonse denguli linkayezedwa pasikelo. Pa fomu yowunika ntchito ya munthu pachaka anawonjezerapo mzere wakuti "Kusamalira chilengedwe".

Dengu la a Sizasi ndilo linkadzaza kuposa onse, pakuti iwo ndiwo ankadula. Kontirakiti yawo inali kutha mwezi wotsatira. Mumtima anati: sikelo iyi yabwera kudzachotsa ife madala. Choncho anayamba kubisa theka la zidutswa m'chikwama kuti dengu lizipepuka.

Akusonkhezera moto, kunamveka mawu kumpanda. "Odi, aneba. Kodi mwatsegula fakitale yanuyanu ya utsi?"

Anali mayi woyandikana nawo nyumba, amene ankasesa ku fakitale komweko. Onse ankawatcha a Tsache. Analinso m'komiti ya ogwira ntchito yoona za chilengedwe.

"Ndikuwotcha masamba," anayankha a Sizasi.

"Masamba a buluu okhala ndi ulusi? Mtengo wake mundipatseko mbewu." A Tsache anaseka, kenako anatsitsa mawu. "Achimwene, ine ndimasesa pansi pa tebulo lanu. Masabata atatu tsopano dengu lanu n'lopepuka ngati mukudula mphepo. Mukuopa chiyani?"

A Sizasi anaponya pansi kamtengo kosonkhezera moto, n'kufotokoza zonse.

"Mukanabwera kumsonkhano wa komiti, mukanamva nokha," anatero a Tsache. "Sikelo ija siyeza munthu ayi. Imayeza nsalu imene tikutaya, kuti tidziwe pokonza. Safunsa anadya phula. Mawa pitani mukawaone mayi aja. Ndikuperekezani mpaka pakhomo, koma pakamwa mukatsegule nokha."

"Akandichotsa?"

"Nanga mlonda wa pageti akakupezani ndi chikwamacho, adzakuomberani m'manja?"

Akazi awo anatsokomola ali pakhonde. A Sizasi anawayang'ana, n'kutenga ndowa ya madzi, kuzimitsa moto uja.

M'mawa mwake anagogoda ku ofesi, chipewa chili m'manja. Anaika chikwama patebulo n'kuchitsegula, kenako anaulula zonse. Mayi wa ofesiyo anamvetsera mpaka kumapeto osawadula mawu. Kenako anatembenuza kompyuta kuti a Sizasi aone.

"Bambo, onani apa. Ndinali nditalemba kale kuti vuto la kutebulo lodulira latha. Ndikanauza akuluakulu kuti palibe choti tisinthe, pamene nsalu ikupsa kwanu ndipo amayi akudwala. Kutulutsa katundu pageti popanda chilolezo n'kulakwa, ndipo ndikukuchenjezani. Koma mwabwera nokha, ndipo zimenezo ndaziona. Tsono ndiuzeni, n'chifukwa chiyani zidutswa zimachuluka chonchi?"

Funsolo linawadzidzimutsa a Sizasi. Anapempha pepala lotha ntchito ndi sizasi ya mu ofesimo. Mosakhalitsa anadula timanja tiwiri ta malaya n'kutiyala patebulo.

"Chojambula chimene timatsatira chimati manja onse ayang'ane kumodzi, chonchi. Onani mpata umene ukutsala pakatipa. Wonsewo umapita m'dengu. Koma mukatembenuza dzanja limodzi, phewa kuyang'ana kumunsi, amalowana ngati zala za manja awiri. Nsalu yathu n'njopanda maluwa, ilibe mutu kapena miyendo. Palibe angadziwe."

"Munazidziwa liti zimenezi?"

"Chaka changa chachiwiri."

"Zaka zonsezi simunanene?"

"Palibe anandifunsa, mayi. Ine ndinalembedwa kudula, osati kulankhula."

Mayiyo anaimirira. "Pamenepo ndiye talakwa ndi ife a muno. Lero ndakufunsani. Tiyeni tikamuonetse kapitawo."

Kapitawo poyamba anakayikira. "Madala, mukaononga nsalu ya eni, ine sindinakuoneni," anatero. A Sizasi anangomwetulira. Anayala nsalu, anatembenuza mapatani a manja aja, choko chinayenda, sizasi inalira. Pa mpukutu umene unkatulutsa malaya makumi anayi panatuluka makumi anayi ndi atatu. Osoka anasiya makina n'kubwera kudzaona. Mayi wina anawerenga kawiri, n'kugwira pakamwa.

Lachisanu lotsatira a Sizasi ananyamula okha dengu lawo n'kuliika pasikelo, chikwama chili chopanda kanthu. Linali lopepuka zenizeni. Mayi wa ofesi uja anawapempha kuti aziphunzitsa odula anzawo Lachiwiri lililonse, ndipo komiti inawasankha kukhala membala. Pa msonkhano wawo woyamba anapempha kuti zidutswa zotsala zisamatayidwe, koma ziziperekedwa ndi chikalata kwa gulu la amayi oluka zopukutira mapazi za pakhomo. Onse anavomera. Akazi awo, amene chifuwa chinali chitawasiya, analowa nawo m'gululo.

Tsiku lowunika ntchito litafika, a Sizasi anabwerera kunyumba ndi kontirakiti yatsopano ya zaka zitatu. Anaiwerenga mokweza ali chilili pakhonde, chala chikutsata mzere umene ankauopa uja: "Kusamalira chilengedwe: chitsanzo kwa onse."

"Werenganinso, a Tsache sanamve," anatero akazi awo.

"Ndamva kale," anayankha a Tsache kumpanda. "Ndingofunsa za mtengo wa masamba a buluu uja. Unauma?"

"Ndinauzula ndi mizu yomwe, achemwali. M'dzenjemo tadzalamo mpiru."

A Sizasi anapukuta nsapato zawo pa chopukutira mapazi cha buluu chimene akazi awo analuka, n'kulowa m'nyumba mutu uli m'mwamba.

Phunziro lake n'lomveka. Ndondomeko yosamalira chilengedwe pantchito siyenda ndi malamulo okha, imayenda ndi ogwira ntchito. Ngati simunaimvetse, funsani, musabise. Ngati mukudziwa njira yabwino, inenani. Ndipo inu olemba anthu ntchito, fotokozani cholinga momveka ndi kumva maganizo a amene amagwira ntchitoyo ndi manja, pakuti mutu umodzi susenza denga.